Wamatsenga pa tebulo: munthu mmodzi wopanda mkondo amene amasokoneza nkhondo yonse

Loweruka lina masana tinali pakhonde kwa msuweni wanga ku Area 47, tikusewera masewera a nkhondo ya tizidole otchedwa Warhammer. Tebulo lathu ndi chitseko chakale chimene timachigoneka pa madiramu awiri n'kuyalapo nsalu yobiriwira. Mapiri ndi makatoni osanjikiza, nkhalango ndi timitengo tozika m'dongo. Ine ndinali ndi gulu la asilikali a mikondo 40, oima mizere inayi ya anthu khumikhumi, theka tizidole teniteni timene msuweniyo anabwera nato kuchokera ku Johannesburg, theka linalo zitsekerero za mabotolo. Mumtima ndinkati lero lokha ndimudya.

Msuweni anatola madayisi 6, nawapukusa m'manja nthawi yaitali ngati akuwanong'oneza kanthu, naponya. Panatuluka masikisi awiri. Malamulo amati zikatero matsengawo sangaletsedwe, ndipo matsenga amene anasankha ankafuna kuti msilikali wanga aliyense aponyeredwe dayisi yakeyake: ikagwa pa 4, 5 kapena 6, nthaka yamumeza. Ndinachotsa asilikali 21 kamodzin'kamodzi. Koma masikisi awiri omwewo amatanthauzanso kuti mphamvu yamupitirira mwiniwake. Msuweni anaponyanso, wamatsenga wake n'kuphulika pamodzi ndi anyamata amene anamuzungulira.

Amalume, amene moyo wawo wonse ndi wa bawo, anali pampando akuonerera. "Ndiye wapha anthu onsewa kenako n'kudzipha yekha?" anafunsa. "Iyayi mphwanga, ameneyu sanakhwime bwino. Anaphonya chizimba."

Tinaseka, koma amalume analasa penipeni. Kwa zaka zoposa 50 olemba malamulo a masewerawa akhala akulimbana ndi funso limodzi: munthu amene amatha kuthyola malamulo a nkhondo, umulipiritsa chiyani kuti masewera asafe?

Kwa amene sanaonepo, masewera ake amayenda motere. Anthu awiri amafola magulu a tizidole, tambiri totalika pafupifupi mamilimita 28, pa tebulo la mafiti 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Mulibe mabowo kapena timabokosi ngati pa bawo ndi drafti. Mtunda umayezedwa ndi tepi, ya atelala yomwe ija imagwira ntchito: oyenda pansi mainchesi angapo, apakavalo kuposerapo. Kumenyana kumagamulidwa ndi madayisi. Nkhondo isanayambe aliyense amapatsidwa mapointi ofanana, tinene 2,000, oti agulire asilikali, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake. Zili ngati kulowa mumsika wa Tsoka ndi ndalama zowerengeka: ukagula jekete lodula, nsapato uziiwale.

Mizu yake ndi ya usilikali weniweni. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake masewera a nkhondo a pamapu otchedwa Kriegsspiel, ndipo anawalandira kuti aziphunzitsira maofesala. Munalibe matsenga mmenemo, munali mfuti, akavalo ndi mizinga. Matsenga analowa mwamphamvu mu 1971, pamene Gary Gygax ndi Jeff Perren ku America anatulutsa malamulo otchedwa Chainmail, a nkhondo za malupanga ndi mauta, n'kuphatikizapo kagawo kakumapeto ka zinjoka, zimphona ndi amatsenga. Chimene chimandisangalatsa ndi mmene anachitira. Sanavutike kupeka njira yatsopano. Mpira wa moto umene wamatsenga amaponya unkagwa mofanana ndi mwala wa makina oponyera miyala, ukuwononga malo ozungulira. Mphezi yake inkayenda mzere woongoka ngati chipolopolo cha mzinga. Kunena mosabisa, wamatsenga woyamba wa pa tebulo anali mzinga wovala mkanjo, kungoti mzinga umenewu umayenda wokha, sufuna ngolo kapena anthu oukoka, ndipo ukhoza kubisala pakati pa asilikali wamba.

Mzinga ukafika pabwalo la nkhondo, anthu amasiya kuima mothithikana. Amene anapita kukamenya nkhondo zazikulu ziwiri zija, amene timawakumbukira pa chipilala cha ku Area 18, sankafola phewa ndi phewa ngati ankhondo a zishango, chifukwa bomba limodzi likanawamaliza onse. Pa tebulo vuto lake n'lomwelo, koma limapweteka kwambiri, chifukwa malamulo a nkhondo ya mikondo amapereka mphotho kwa gulu lalikulu. Mu Warhammer Fantasy Battle, masewera amene kampani ya Games Workshop ya ku England inatulutsa koyamba mu 1983, gulu la mizere yambiri silithawa msanga. M'malamulo a mu 2010, amene ife timagwiritsa ntchito pakhonde paja, gulu lotambalala anthu khumi kutsogolo limaloledwanso kumenya ndi mzere woonjezera. Ndiye osewera anayamba kuunjika chilichonse m'gulu limodzi lalikulu, mfumu momwemo, mbendera momwemo, akatswiri onse momwemo. Mankhwala a gulu lotero ndi matsenga. Amene anandigwera ine aja, The Dwellers Below, sawerenga kuti wavala chitsulo chotani kapena ndiwe wodula bwanji. Amangoyesa mphamvu za thupi za aliyense, ndipo munthu wamba amafa pa theka la nkhope za dayisi. Gulu la anthu 10 litaya asanu, la anthu 40 litaya pafupifupi 20. Ukakulitsa gulu wakulitsanso maliro.

Pali ena otchuka kwambiri otchedwa Purple Sun of Xereus. Awa ndi chimbale chozungulira chimene chimayenda pa tebulo, ndipo aliyense amene chamukhudza amayesedwa changu chake. Ma Elf, mtundu wa anthu opeka amene ndi achangu, amafa pokhapokha dayisi ikagwa pa 6. Ma Dwarf, anthu aafupi a m'mapiri amene amalume amangowatcha akafula, amafa ikagwa pa 3, 4, 5 kapena 6. Matsenga amodzimodzi, koma kwa wina ndi mphepo chabe, kwa wina ndi mliri. N'chifukwa chake usanafole asilikali umayamba wafunsa kuti mnzako wabweretsa matsenga a mtundu wanji. M'dziko lopeka la masewerawa muli mphepo 8 za matsenga, ya moto, ya zitsulo, ya moyo, ya zilombo, ya kumwamba, ya kuwala, ya mthunzi ndi ya imfa, ndipo iliyonse ili ndi adani amene imawakonda.

Komabe ongoyamba kumene amathamangira matsenga akupha, pamene akale amadziwa kuti nkhondo zambiri zimapindulidwa ndi matsenga osaoneka ngati kanthu. Kuchotsera adani mphamvu pang'ono chabe pa nthawi imene akugundana ndi gulu lako. Kuchedwetsa apakavalo kuti aperewere mainchesi awiri, m'malo moti akugwere iwo, uwagwere ndiwe. Kusuntha gulu lako kuti lipezeke m'nthiti mwa mdani, poti gulu lomenyedwa cham'mbali limataya phindu la mizere yake n'kuyamba kuthawa. Pa bawo munthu wanzeru sayang'ana nkhomo zimene adye pompo, amayang'ana bowo limene dzanja lake likathere. Kunonso n'chimodzimodzi. Amalume atangomva zimenezi anakoka mpando kufupi ndi tebulo.

Tsopano mtengo. Woyamba umalipiridwa nkhondo isanayambe. Wamatsenga wapamwamba, wa mlingo wachinayi, akanyamula ndi zithumwa zake amatha kudya mapointi pafupifupi 300, ofanana ndi asilikali wamba pafupifupi 50. Iyeyo payekha ndi nkhalamba yovala nsalu, lupanga limodzi lamukwana. Wagula munthu wofooka pa mtengo wa gulu lathunthu, ndiye uyeneranso kupatula asilikali ena oti azimulondera.

Wachiwiri umalipiridwa ulendo uliwonse. M'malamulo a mu 2010 aja, ulendo wa wosewera uli ndi magawo anayi: kuyenda, matsenga, kuwombera, kenako kumenyana pafupi. Gawo la matsenga likafika, mwini ulendo amaponya madayisi awiri kuti aone mmene mphepo ikuwombera. Chiwerengero chonse ndiwo madayisi amene iye agwiritse ntchito. Mnzake amalandira madayisi osukulutsira matsengawo, ochuluka ngati dayisi yaikulu mwa ziwirizo. Pakatuluka 5 ndi 2, woponya matsenga ali ndi 7, wodziteteza ali ndi 5. Pakatuluka 6 ndi 1, ndi 7 kwa 6, palibe chimene chichitike. Pakatuluka 6 ndi 6, ndi 12 kwa 6, wodziteteza ayambe kupemphera. Pakatuluka 1 ndi 1, nkhalamba yodula ija yangodya nsima yaulere ulendo umenewo.

Apa ndi pamene pali kukoma kwa masewerawa, ndipo sipafuna tizidole n'komwe. Tinene uli ndi madayisi 8, mnzako 5. Uli ndi matsenga atatu, koma amene ukuwafunitsitsa ndi amodzi. Uyamba ndi ati? Ukayamba ndi aang'ono, ukumukopa kuti awononge madayisi ake posukulutsa zachabechabe. Iye akudziwa kuti ukumukopa, ndiye amalola aang'onowo adutse, akusunga zonse kudikira chachikulu. Koma aang'ono amene wawalolawo mwina ndi amene afooketsa gulu lake pamalo pamene nkhondo ithere. Mumayang'anana m'maso ngati wogula ndi wogulitsa kaunjika, aliyense akunamizira kuti sakufuna kwenikweni. Ndipo wamatsenga akalephera kufikitsa chiwerengero chofunika, mutu wabalalika, saponyanso china ulendo umenewo. Choncho kuumira madayisi kulinso ndi chilango chake.

Mtengo wachitatu ndi uja wa chizimba. Lamulo limalola madayisi osapitirira 6 pa matsenga amodzi, ndipo masikisi awiri kapena kuposa amabweretsa zinthu ziwiri pamodzi: matsenga osaletseka, ndi tsoka kwa mwiniwake. Masamu ake ndi osavuta. Ukaponya madayisi awiri, mwayi wa masikisi awiri ndi kamodzi pa 36. Atatu, pafupifupi 7 pa 100. Anayi, 13 pa 100. Asanu, pafupifupi 20 pa 100. Onse 6, 26 pa 100, ndiye kuti kuposa kamodzi pa maulendo anayi. Tsokalo limasiyana: nthawi zina amangoiwala matsenga, nthawi zina amavulaza amene ali pafupi naye, nthawi zina amamezedwa osaonekanso. M'malamulo akale a mu 2000 zinthu ziwirizi zinali zolekana, masikisi awiri anali mwayi, mawani awiri tsoka. Kuziphatikiza kunabala khalidwe limene ine sindilikonda. Wosewera amene akugonja amangotola madayisi onse 6 n'kuponya dala, akufuna masikisiwo, poti kutaya wamatsenga mmodzi n'kupha theka la gulu lodula la mnzake ndi malonda abwino. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Koma wina amene wakhala maola awiri akuyendetsa asilikali mwanzeru, n'kuona zonse zikutha pa kuponya kumodzi kumene sakanatha kukuletsa, amapita kwawo ndi mtima wowawa. Ineyo ndinakwera minibasi ya ku Kawale madzulo amenewo osalankhula ndi munthu.

Tsokalo limasinthanso kafoledwe ka mwini wake. Ukamuika wamatsenga pakati pa gulu lako labwino, watetezedwa ku mivi, koma akaphulika apita nalo. Ukamuika payekha, apakavalo opepuka kapena zouluka zimupeza. Ambiri amamugulira kagulu kotchipa ka oponya mivi koti aziima kumbuyo, anthu oti akafa sulira. Ndipo poti matsenga ena amafuna kuti aone chimene akulasa komanso chikhale pa mtunda woyezeka, phiri la katoni lija limasanduka chinthu chofunika kuposa mmene limaonekera.

Kuopa matsenga kunabala ntchito yakeyake. Pali chikalata chimene ukachiwerenga chimasukulutsa matsenga amodzi popanda kuponya dayisi, koma chimagwira kamodzi basi. M'zaka za m'ma 2000 osewera ankagula wamatsenga wotsikitsitsa, osati kuti aponye kanthu, koma kuti angonyamula zikalata zotere ziwiri. Wonyamula chikwama cha bwana, titero. Malamulo a mu 2010 anachepetsa kuti gulu lonse lankhondo likhale ndi chimodzi chokha, ndipo funso loti uchiwerenge liti linakula kuposa kale. Taonani zimene zachitika apa: munthu amene sakonda matsenga n'komwe wakakamizika kuwonongerapo mapointi, chabe chifukwa mnzake akhoza kukhala nawo. Ma Dwarf ndiwo anakana zonsezi. Alibe amatsenga, ali ndi amisiri osula zizindikiro pa zida, ndipo malamulo amawapatsa mwayi woonjezera posukulutsa. Ntchito ya moto ndi mphezi amaisiyira mizinga yeniyeni.

Kwa magulu ena matsenga si chida chongoonjezera, ndiwo msana. Gulu la Vampire Counts ladzaza ndi mafupa oyenda ndi mitembo youkitsidwa, zimene kuno tingazitche ndondocha. Payekhapayekha ndi asilikali achabechabe. Koma sathawa, ndipo ulendo uliwonse mbuye wawo amaukitsa amene agwa. Umapha khumi, pobwera upeza asanu ndi awiri aimanso. Nkhondo yolimbana ndi gulu lotere siwerengedwa ndi mitembo. Njira yake ndi kupha mbuyeyo, chifukwa akangofa gulu lonse limayamba kugumuka lokha ngati khoma la zidina pa mvula ya mu Januwale. Masewera ena otchedwa Warmachine, a mu 2003, anafikitsa ganizoli kumapeto: wamatsenga ndiye mtsogoleri, mphamvu zake amazigawa pakati pa kuponya matsenga, kuyendetsa zimakina zake zankhondo ndi kudziteteza, ndipo akaphedwa masewera athera pomwepo ngakhale asilikali ake onse ali moyo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Akagwiritsa ntchito mphamvu zonse pomenya, watsala wamaliseche ulendo wa mnzake.

Olemba ena anasankha mitengo ina. Mu Hordes of the Things, a mu 1991, dayisi imodzi imakuuza kuchuluka kwa malamulo amene mtsogoleri angapereke ulendo umenewo, ndipo matsenga amadya pa malamulo omwewo. Wamatsenga akagwira ntchito, asilikali ena aima osayenda. Mu Frostgrave, a mu 2015, wamatsenga amene waperewera pang'ono akhoza kulipira ndi magazi ake, kuchotsa pa moyo wake kuti matsenga atheke. Amenewa ndi amene ndimalimbikitsa anzanga kuno ku Lilongwe, poti amafuna anthu khumi okha mbali iliyonse ndi tebulo la mafiti atatu, ndipo zitsekerero khumi sizisowa pa golosale iliyonse. Games Workshop yomwe yasinthasintha maganizo. Mu 2015 inathetsa dziko lakale lija n'kuyambitsa Age of Sigmar, mmene matsenga amangofuna madayisi awiri, ndipo mu 2018 inaonjezera matsenga okhala ndi chidole chawochawo, amene akaponyedwa amatsala pa tebulo akuyendayenda n'kutseka njira. Mu 2024 inabwezeretsa nkhondo za mizere ndi Warhammer: The Old World, koma gawo lapadera la matsenga lija analichotsa. Matsenga oyendetsa amaponyedwa pa nthawi yoyenda, owombera pa nthawi yowombera, ndipo mulu wa madayisi woti munthu autaye wonse pamodzi kulibe. Ine ndimaona ngati kuvomera kuti zakale zija zinanyanya.

Pali nkhani imodzi imene sindingailumphe, poti tili ku Malawi. Mayi a msuweni wanga atamva mawu oti matsenga pakhonde pawo, anatuluka ndi chipande m'manja. "Ana inu, zaufiti pakhomo panga ayi." Tinawaonetsa buku la malamulo, tepi ndi madayisi, kuti aone kuti zonsezi ndi kuwerengera basi, ngati Ludo wokula. Ndi chifukwa chake m'nkhani ino ndikuti wamatsenga, osati mfiti. Mawu achiwiriwa kuno apweteketsa agogo ambiri osalakwa, si oseweretsa. Koma kukambirana kwa tsikulo kunandikumbutsa kusiyana kwina. Mankhwala a nkhondo m'mbiri yathu yeniyeni ankagwira mtima, osati chipolopolo. Pa nkhondo ya Maji Maji, kum'mwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania, kuyambira 1905 mpaka 1907, Kinjikitile Ngwale anapatsa anthu madzi amene ankati asandutsa zipolopolo za Ajeremani kukhala madzi. Madziwo anagwirizanitsa mitundu yambiri, ndi Angoni a ku Songea omwe, n'kuwapatsa kulimba mtima koyenda molunjika ku mfuti. Koma ku Mahenge mfuti zachiwaya zinawapulula. Pa tebulo zinthu zinatembenuzidwa, moto umapsereza ndithu ndipo akufa amaukadi. Chokhacho chimene chimafanana ndi choti munthu amene akukhulupirira kuti mphamvuyo ilipo amayenda mosiyana ndi mmene akanayendera.

Patapita masabata awiri amalume anati nawonso ayese. Msuweni anawapatsa gulu lake, ndi wamatsenga yemwe uja ataukitsidwa m'katoni. Ine ndinali nditaphunzira. Gulu langa la 40 ndinaligawa timagulu tinayi ta anthu khumikhumi, totalikirana, ndinagula wonyamula chikalata, ndipo ulendo uliwonse ndinkayeza ndi maso kuti ndisalowe pamene nkhalambayo ingandione. Amalume anaiika kuseri kwa phiri. Gawo la matsenga likafika ankaponya madayisi awiri a mphepo, n'kuyang'ana muluwo, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Pitiriza, mphwanga." Ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu, osaponya kanthu. Ine chikalata chili m'manja, timagulu tanga tikuzungulira kutali ndi phirilo. Ulendo wachinayi apakavalo awo anagwera kagulu kanga ka kumanzere, kopanda mizere yokwanira kuti kalimbe, kanathawa. Kachiwiri kataona anzawo akuthawa kanathawanso. Pofika ulendo wachisanu pa nsalu yobiriwira panatsala zitsekerero zisanu ndi chimodzi ndi wonyamula chikalata uja, chikalata chake chosawerenga.

"Amalume, nanga wamatsengayu munamugulira chiyani?"

"Buku lakelo ndi la Chingerezi chovuta, ndipo magalasi ndaiwala kunyumba," anatero akutolera akavalo awo. "Bwera nalo mawa undiwerengere kuti amatani."